Singano za Kuchipatala pa Nthawi ya Kolera: Chifukwa Chake Zina N'zazikulu, Zina N'zazing'ono

Amayi, abambo ndi achinyamata nonse okhala pamsasa,

Pa mzere wotunga madzi ndi pakhomo la tenti yothandizira odwala kolera pamamveka mafunso ambiri onena za singano. Wina amadabwa kuti m'bale wake anamuika chisingano chachikulu pamkono pamene mnzake anangopatsidwa madzi akumwa. Wina amadandaula kuti anapita ndi mwana koma sanamubaye jakisoni, ndiye akuona ngati sanathandizidwe. Palinso ena amene amabisa wodwala m'tenti usiku wonse chifukwa choopa singanozo. Mantha amenewa ndi omveka, koma kolera sadikira. Munthu amene anadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kumwalira tsiku lomwelo ngati madzi amene akutaya sakubwezeredwa. Pepala ili likufotokoza singano zimene mudzaziona kuchipatala, chifukwa chake zimasiyana kukula, ndiponso chifukwa chake wosankha singano ayenera kukhala munthu wophunzira ntchitoyo.

Singano iliyonse ili ndi ntchito yake

Nkhaniyi mumaidziwa kale kuchokera ku zosoka. Posoka lona kapena thumba la chimanga mumatenga singano yaikulu ija yosokera matumba. Posoka malaya a mwana kapena neti yong'ambika mumatenga yaing'ono. Yaikulu ingang'ambe neti, yaing'ono ingathyoke pa lona. Kuchipatala n'chimodzimodzi. Namwino asanatsegule paketi amaganizira zinthu zinayi: malo amene mankhwala ayenera kufika m'thupi, kuchuluka kwake, kulimba kwake, ndi msinkhu komanso thupi la munthu amene akumubaya.

Pa paketi ya singano pamakhala nambala yotsatana ndi chilembo G, monga 18G, 21G kapena 25G. Apa pali posokoneza pang'ono: nambala ikakhala yaikulu, singanoyo imakhala yopyapyala, ndipo ikakhala yaing'ono, singanoyo imakhala yonenepa. Ndiye 25G ndi kasingano kang'ono, theka la milimita m'kunenepa kwake, pamene 18G imaposa milimita imodzi. Palinso nambala ina ya kutalika, monga 16 mm, 25 mm kapena 40 mm. Yaifupi imathera pansi pa khungu, yaitali imakafika mu mnofu. Mutu wa pulasitiki wa singano umakhala ndi mtundu wake kuti wachipatala azindikire msanga. Pa singano za jakisoni wamba, wobiriwira ndi 21G, wabuluu ndi 23G, wa lalanje ndi 25G.

Tikukuuzani manambala amenewa kuti mukawaona musadabwe. Sitikukuphunzitsani kubaya. Kudziwa nambala ya singano sikukwanira kuti munthu abaye mnzake.

Mankhwala a kolera ndi madzi

Kolera amapha chifukwa chochotsa madzi ndi mchere m'thupi. Wodwala amatsegula m'mimba chimbudzi chamadzi, nthawi zambiri chooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo ena amasanzanso. Munthu wamkulu akhoza kutaya malita ambiri pa maola ochepa. Palibe jakisoni wa pathako amene angabwezere madzi amenewa, chifukwa jakisoni wotere amanyamula mankhwala osaposa supuni imodzi yaing'ono.

Odwala ambiri amachira ndi madzi akumwa okha, aja a m'mapaketi olembedwa SRO. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Choncho ngati m'bale wanu wapatsidwa kapu ndi ndowa ya SRO m'malo mwa singano, musakhumudwe. Zikutanthauza kuti mwafika naye nthawi yabwino ndipo akadali ndi mphamvu zomwa yekha. Mankhwala opha tizilombo, amene amaperekedwa kwa odwala kwambiri ndi ena amene wachipatala wawaona kuti akufunika, nawonso ndi akumwa. Ana osakwana zaka 5 amapatsidwanso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chithandizo chikakhala choyenera ndiponso chofulumira, mwa odwala kolera 100 womwalira sayenera kufika ngakhale mmodzi.

Nanga singano yaikulu ija ndi ya chiyani?

Imabwera pamene wodwala wafooka kwambiri: maso alowa m'kati, khungu mukalitsina likuchedwa kubwerera, manja ndi mapazi zazizira, sakutha kumwa kapena akusanza chilichonse, mwina sakuzindikira anthu. Pamenepo madzi akumwa achepa mphamvu, ndipo pafunika soro, imene ena amati dripi, yolowa mumtsempha wa magazi. Madzi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kolera amatchedwa Ringer.

Taonani kuchuluka kwa madzi amene amafunika. Munthu wamkulu wolemera makilo 60 akafika ali chonchi amafunika malita 6 pa maola atatu. Amenewa ndi mabotolo anayi a madzi aja a lita imodzi ndi theka. Mwa madzi amenewa, pafupifupi malita awiri ayenera kulowa pa mphindi 30 zoyambirira kuti mtima upeze magazi okwanira opopa.

Tsopano ganizirani za mpopi. Paipi yaikulu imadzaza ndowa msanga, kapaipi kakang'ono kamakuchedwetsani pa mzere. Singano ya soro ya 18G, ya mutu wobiriwira, imatha kulowetsa lita imodzi pa mphindi pafupifupi 12. Kakang'ono ka 24G, ka mutu wachikasu, kangatenge mphindi pafupifupi 50 pa lita imodzi yomweyo. Kwa bambo amene magazi ake atsala pang'ono kuima, kusiyana kumeneku ndi moyo kapena maliro. N'chifukwa chake akuluakulu amawaika 18G kapena 16G, ya mutu wotuwa, imene ili yaikulu kuposa pamenepo. Nthawi zina amaika ziwiri, mkono uno ndi mkono uwo. Si nkhanza ayi. Namwino akuthamangitsana ndi nthawi.

Dziwaninso kuti mitundu ya pa singano za soro ndi yosiyana ndi ya pa singano za jakisoni wamba. Wobiriwira pa soro ndi 18G, koma wobiriwira pa jakisoni ndi 21G. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene munthu wongoonera sangathe kusankha singano poyang'ana mtundu wokha.

Chinthu china chimene ambiri sadziwa n'chakuti chitsulo sichitsala m'thupi. Singano yachitsulo imangotsogolera. Ikalowa mumtsempha, namwino amaisolola n'kuitaya, ndipo m'kati mumatsala kapaipi kofewa ka pulasitiki komatidwa ndi pulasitala. Wodwala akayamba kumwa bwino, kapaipiko amakachotsa.

Ana

Mitsempha ya mwana ndi yaing'ono, ndipo madzi akamuthera imaphwa n'kuvuta kuipeza. Kwa ana amasankha 20G ya pinki, 22G yabuluu, kapena 24G yachikasu kwa makanda. Kakang'ono kamakwanira chifukwa mwana safuna madzi ambiri ngati wamkulu. Mwana wa makilo 10 amafunika lita imodzi, ndipo kwa khanda losakwana chaka madziwo amalowa pang'onopang'ono kwa maola 6. Madzi a mwana amawerengedwa potengera kulemera kwake, ndiye musadabwe akayamba amuika pa sikelo.

Mtsempha ukasowa pamkono, namwino akhoza kuufuna paphazi, pakhosi, kapena pamutu kwa khanda, ndipo nthawi zina amameta tsitsi pang'ono. Ukasowa paliponse mwana ali pangozi, pali singano ina yapadera imene wachipatala wodziwa amailowetsa m'fupa la mwendo, m'munsi mwa bondo, chifukwa madzi olowa m'menemo amakafika m'magazi. Kwa mayi zimenezi n'zowawa kuziona. Khalani pafupi, mugwireni mwanayo monga akuuzirani, mulankhuleni. Ngati akuyamwa, pitirizani kumuyamwitsa akangotha kuyamwa.

Magazi amene mumaona pa singano

Namwino akamaika soro, timagazi timaoneka kumbuyo kwa singano. Timeneti ndi chizindikiro chomuuza kuti walowa mumtsempha. Nthawi zina thumba la soro likatha kapena likatsika m'munsi kuposa mkono, magazi pang'ono amabwerera mu kapaipi. Thumba latsopano likapachikidwa m'mwamba, amabwereranso m'thupi.

Tonse tinamvapo mphekesera za anthu opopa magazi. Mphekesera zimenezi zachititsa kuti m'madera ena odwala abisidwe ndiponso ogwira ntchito zaumoyo athamangitsidwe, matenda n'kupitirira. Inu yang'anani nokha: thumba lapachikidwa m'mwamba, ladzaza madzi oyera, ndipo likuphwa pamene madzi akutsikira kwa wodwala. Ngati pali chimene simukumvetsa, funsani. Muli ndi ufulu wodziwa chimene akuika m'thupi la m'bale wanu, ndipo wachipatala ayenera kukuyankhani.

Mukamadikirira wodwala amene ali pa soro

Musatembenuze kagudumu kamene kali pa paipi kuti madzi athamange kapena achedwe. Liwiro lake amaliwerengera, ndipo madzi ochuluka mopitirira amatha kudzaza m'mapapo, makamaka kwa ana ndi okalamba. Musatsitse thumba pamene lapachikidwa, ndipo musasolole kapaipi ngakhale wodwala akudandaula. Itanani namwino msanga thumba likatsala pang'ono kutha, madontho akasiya kugwa, pamene pali kapaipi pakatupa kapena pakamapweteka, kapena wodwala akayamba kupuma movutika, kutsokomola, kapena zikope zikatupa. Wodwala akangotha kumeza, yambani kumumwetsa SRO pang'onopang'ono ngakhale soro ikadali pamkono. Akamamwa bwino, soro imachoka msanga. Sambani m'manja pa ndowa ya klorini polowa ndi potuluka, ndipo musalowetse ana athanzi m'tenti ya odwala.

Singano zina zimene mudzakumana nazo

Ngakhale tili pamsasa, sikelo ya ana, ya amayi oyembekezera ndi zakulera zikupitirira, ndipo kumenekonso singano zimasiyana.

Katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, amalowa m'khungu lenilenilo. Amafuna kasingano kafupi, kopyapyala kwambiri, ndipo mankhwala ake ndi kadontho chabe. Katemera amene mwana amabayidwa pantchafu amafunika kufika mu mnofu, ndiye singano yake ndi yotalikirapo, kawirikawiri 23G ya 25 mm. Amayi ena amapempha kuti mwana amubaye ndi kakafupi kuti asamve kuwawa. Koma mankhwala oyenera mu mnofu akathera pansi pa khungu, pamalopo pamatupa kwambiri ndipo katemerayo sangagwire bwino ntchito. Makanda amabayidwa pantchafu chifukwa ndi pamene pali mnofu wokwanira pa msinkhu umenewo.

Jakisoni wakulera wa miyezi itatu ali mitundu iwiri: wolowa mu mnofu, wa singano yotalikirapo, ndi wolowa pansi pa khungu, amene amabwera ndi kasingano kake kakafupi kolumikiza kale. Odwala shuga amene amadzibaya insulini amagwiritsa ntchito tisingano tifupi kwambiri chifukwa insulini iyenera kukhala pansi pa khungu. Ikalowa mu mnofu imagwira msanga kuposa muyeso ndipo shuga akhoza kutsika moopsa. Ngati tisingano tanu tinapita ndi madzi kapena tinatsala kumudzi, kauzeni a chipatala lero, musabwereke singano ya mtundu wina. Mankhwala ena, monga penisilini woyera uja wolimba ngati phala, amafuna singano yonenepa chifukwa mu yopyapyala amatseka. Poyeza malungo kapena HIV amangolasa chala ndi kachitsulo kakang'ono kotaya nthawi yomweyo.

Katemera wa kolera alibe singano

Katemera wa kolera ndi wakumwa. Amabwera m'kabotolo kakang'ono ndipo amamwetsa aliyense kuyambira mwana wa chaka chimodzi. Mu 2019, namondwe wa Idai atawononga Beira ndi maboma oyandikana nawo, anthu oposa 800,000 analandira katemera ameneyu, onse pakamwa. Choncho munthu akabwera ku tenti yanu ndi jakisoni n'kunena kuti ndi katemera wa kolera, mukaneni ndipo kauzeni atsogoleri a msasa kapena ife ma activista. Katemera weniweni salipiritsa. Kumbukiraninso kuti katemera sateteza kotheratu. Madzi othira Certeza kapena klorini wina, odikira mphindi 30 musanamwe, kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa, ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi zikufunikabe.

Obaya jakisoni a m'mudzi

Chipatala chikakhala kutali, pamapezeka anthu oyenda ndi kachikwama, obaya jakisoni pa ndalama. Ambiri a iwo amakhala ndi singano za mtundu umodzi, zobayira khanda, gogo ndi mayi woyembekezera yemwe. Ngozi zake n'zenizeni. Pathako pamadutsa mtsempha waukulu umene umapangitsa mwendo kuyenda ndi kumva. Singano yaitali ikalowa pamalo olakwika n'kuulasa, mwana akhoza kutsala wokoka phazi moyo wake wonse. Singano yosayera imabweretsa chotupa cha mafinya chofunika kuchita kutumbula. Singano imene yabaya munthu wina imatha kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi, ngakhale ikuoneka yoyera. Kuitsuka m'madzi otentha, kuipukuta ndi kachasu kapena kuiwaula pamoto sikuichititsa kukhala yatsopano.

Pa kolera palinso ngozi ina. Banja likalipira jakisoni limakhala pansi kudikira kuti agwire ntchito, pamene wodwala akupitiriza kutaya madzi. Maola amenewo ndi amene akanamufikitsa ku tenti yothandizira odwala, kumene chithandizo n'chaulere.

Kulikonse kumene mukubayidwa, ngakhale kuchipatala, onani ndi maso anu kuti singano ndi jakisoni wake zikutuluka mu paketi yomata, yosang'ambika ndiponso yosanyowa. Zikatha ntchito zilowe m'bokosi la katoni losungira zakuthwa. Majakisoni ambiri a katemera anapangidwa kuti akangogwira ntchito kamodzi azitsekeka okha. Ngati simunaone paketi ikutsegulidwa, nenani mwaulemu kuti, "Pepani a namwino, ndimafuna ndione mukutsegula." Wodziwa ntchito yake sangakwiye nazo.

Singano yotola ndi ntchito zina za pakhomo

Pamsasa zinthu n'zosowa, ndipo singano yotola imaoneka ngati chuma. Ena amachotsera minga kapena matekenya, ena amaboolera makutu a ana, ena amatumbulira zithupsa, ndipo ana amasandutsa jakisoni choseweretsa chowazira madzi. Chonde, zimenezi zisiyeni. Singano ya jakisoni ili ndi bowo m'kati, ndipo magazi a munthu woyamba amabisala m'menemo. Pochotsa munga, gwiritsani ntchito singano yosokera kapena pini ya munthu mmodzi, yowiritsa bwino, mutatsuka malowo ndi sopo. Munga ukalowa kwambiri kapena pakayamba mafinya, pitani kuchipatala, paja bala lakuda limabweretsanso kafumbata. Lezala nalonso likhale la munthu mmodzi.

Mukapeza singano pansi, musaitole ndi manja ndipo musayese kuivundikira ndi kachivindikiro kake, chifukwa ambiri amalasidwa pamenepo. Ikani chizindikiro, thamangitsani ana, itanani activista. Ngati palibe woitana, ikankhireni ndi timitengo m'botolo lolimba la pulasitiki, tsekani, mukapereke kuchipatala. Musaiponye pa dzala, m'moto wophikira kapena m'ngalande. Amene mumadzibaya insulini chitaninso chimodzimodzi ndi tisingano tanu.

Wina akalasidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, atsuke malowo ndi sopo ndi madzi ambiri. Asayamwe balalo ndipo asalifinye. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pali mankhwala oteteza ku HIV amene ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga.

Wina akayamba kutsegula m'mimba usiku uno

Yambani kumumwetsa SRO nthawi yomweyo. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kotala mpaka theka la kapu akangochita chimbudzi chilichonse. Wa zaka 2 mpaka 9 amwe theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndipo yambiraninso ndi supuni, pang'onopang'ono. Ngati mulibe paketi, thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Madzi osungunula akagona tsiku lathunthu, atayeni mupange ena.

Kenako nyamukani, musadikire kuti kuche. Tengani botolo la SRO kuti azimwa m'njira. Ngati sangayende, dzutsani anansi amunyamule. Amene wafika msanga nthawi zambiri amachira ndi kapu yokha. Amene wafika atafooka adzafunika singano yaikulu ija, ndipo a namwino akaitulutsa, atambasulireni mkono wake.

Amene mumatha kuwerenga, awerengereni pepalali anzanu a m'tenti yoyandikana nayo.